Timibulu ta seramiki m'dzenje la dzino: zimene ndaona pa miyezi 8

Dzino langa lotafunira, la kumanzere m'nsagwada ya m'munsi, linang'aluka m'mwezi wa Febuluwale pamene ndinkakukuta chimanga chokazinga, ndipo mng'aluwo unatsika mpaka kumuzu, kotero kuti panalibenso zolimata. Ndine mphunzitsi wa sayansi ya zamoyo pa sekondale ina kuno ku Mangochi, ndipo popeza mbali yomweyo ndinali nditataya kale dzino lina zaka zapitazo, sindinafune kungozulitsa n'kuwonjezera gweru lachiwiri. Ndinakwera minibasi yodutsa ku Liwonde ndi ku Zomba mpaka ku Blantyre, kumene kuli chipatala china cha mano chomwe si cha boma, ndipo zimene ndikulemba pano ndi za thandizo limene ndinalandira kumeneko, makamaka za timibulu ta seramiki timene anathira m'dzenje la dzino atangolizula.

Adokotala, mayi wodekha amene amayankhula akuyang'ana munthu m'maso, anayamba ndi kufotokoza chifukwa chake dzenje lotere silifunika kungolisiya ngati munthu akufuna kudzaikitsa dzino lina m'tsogolo. Fupa limene limagwira dzino limakhalapo chifukwa cha dzinolo, ndipo dzino likachoka, fupalo limayamba kuphwa. Zimenezi zinaonetsedwa bwino ndi Araújo ndi Lindhe mu 2005, amene anazula mano a agalu n'kumayang'ana nsagwada zawo pa masabata osiyanasiyana, ndipo anapeza kuti khoma lopyapyala la fupa, la mbali ya tsaya, ndi limene limasungunuka kwambiri. Kwa anthu, kafukufuku wa Schropp ndi anzake wa mu 2003 anapeza kuti m'lifupi mwa fupa la pamalo ozulidwapo mungathe kuchepa ndi theka pa chaka chimodzi, ndipo gawo lalikulu la kuchepako limachitika m'miyezi itatu yoyamba. Gweru langa lakale lija linali umboni wokwanira, chifukwa ndikapititsapo lilime ndimamva kamzere kopyapyala ngati msana wa mpeni, pamene kale panali fupa lotambalala.

Chimene anandionetsa chinali kabotolo kagalasi kakang'ono kuposa chala changa chachikulu, muli timibulu toyera tooneka ngati mchere wa mibulu. Pachizindikiro panalembedwa kuti magawo 60 pa 100 alionse ndi hydroxyapatite ndipo magawo 40 otsalawo ndi beta-tricalcium phosphate. Mayinawa ndi aatali koma nkhani yake ndi yapafupi, chifukwa zonse ziwiri ndi kashiamu wophatikizana ndi fosifeti, ndipo choyambacho ndi mtundu womwewo wa mchere umene umalimbitsa mafupa ndi mano athu. Amati seramiki chifukwa amaumba ufa wake n'kuuotcha pa moto waukulu mpaka kugwirana, monga mmene mayi woumba mbiya amachitira ndi dothi lake, kungoti kuno kutentha kwake kumayezedwa mosamala kwambiri. Choyambacho, hydroxyapatite, chimachedwa kusungunuka m'thupi ndipo chimasunga malo, pamene chachiwiricho chimasungunuka msanga n'kusiyira danga fupa latsopano, ndiye chifukwa chake amazisakaniza.

Pali chinthu chimodzi chimene chinandichititsa kuwalemekeza adokotalawo ntchito isanayambe n'komwe. Atawerenga pa khadi kuti ndachokera ku Mangochi, anandifunsa mwaulemu ngati ndili ndi zakudya kapena nyama zimene ndimasala chifukwa cha chipembedzo. Anafotokoza kuti timibulu tina todzazira mafupa timapangidwa kuchokera ku mafupa a ng'ombe, ndipo kansalu kophimbira pamwamba pa bala nthawi zambiri kamachokera ku nkhumba, pamene timibulu ta m'kabotolo kaja ndi topangidwa m'fakitale popanda kanthu ka nyama. Ine si Msilamu, koma akuchikazi kwanga ndi Asilamu, monganso ambiri mwa anzanga a kuntchito ndi ana amene ndimaphunzitsa, ndipo ndikudziwa kuti munthu wotere angapwetekedwe mtima kwambiri atadzamva pambuyo pake zimene zinaikidwa m'kamwa mwake. Aliyense wochokera kwathu kuno ayenera kufunsa funso limeneli yekha ngati dokotala sanaliyambitse.

Ntchito yeniyeniyo inatenga pafupifupi ola limodzi. Atandibaya jakisoni wochititsa dzanzi, sanalimbane ndi dzinolo mwamphamvu monga ndinazolowera, koma analidula pakati n'kutulutsa muzu uliwonse pawokha, pofuna kuti khoma lopyapyala lija lisathyoke. Kenako namwino anakhuthulira timibulu m'kambale kachitsulo, adokotala n'kutengako magazi anga a m'dzenjemo ndi kuwadonthezera pamenepo, ndipo timibulu toyera tija tinamwa magaziwo mwachangu ngati njerwa youma, n'kusanduka phala lofiira. Powadinikiza m'dzenje ndinkamva kaphokoso ka tseketseke kakudutsa m'fupa mpaka kukhutu, kofanana ndi kamene munthu amamva akaponda mchenga wouma wa m'mbali mwa nyanja. Ululu kunalibe. Anasoka ndi ulusi, n'kundipatsa mankhwala ochukuchira m'kamwa ndi ochepetsa ululu, ndipo anandilangiza kuti ndisatafunire mbali imeneyo.

Potuluka anandipatsa kapepala ka kampani yopanga timibuluto, ndipo ndi kapepala kameneka kamene kanandipatsa ntchito kwa miyezi ingapo. Kanali ndi chithunzi chokongola cha fupa loonedwa pa maikulosikopu, ndipo pansi pake panali mawu otsimikiza kuti kafukufuku wa pa nyama waonetsa kuti timibuluti timasanduka fupa la mwini wake. Sikanatchule kuti inali nyama yanji, fupa liti, kapena patapita nthawi yaitali bwanji. Munthu amene amaphunzitsa ana kufunsa mafunso atatu amenewa pa ntchito iliyonse ya mu labotale sangawalumphe pamene nkhani ikukhudza nsagwada yake yomwe.

Mbiri ya nkhaniyi ndi yodzaza ndi nyama kuyambira pachiyambi. Mu 1969, Larry Hench wa pa University of Florida anapanga galasi lapadera lokhala ndi kashiamu ndi fosifeti wochepa, limene limadziwika kuti Bioglass, ndipo tizidutswa take titaikidwa m'mafupa a ntchafu a makoswe, patapita masabata 6 tinakana kuchoka chifukwa tinali titagwirana ndi fupa. Chimenechi chinali chachilendo, popeza thupi likalandira chinthu chochokera kunja limakonda kuchikuta ndi kachikopa kofewa n'kuchipatula. Chapanthawi yomweyo, Hulbert ndi anzake a pa Clemson University ankaika seramiki yokhala ndi timabowo m'mafupa a agalu, ndipo anapeza kuti fupa lolimba limalowa bwino ngati timabowoto tafika pafupifupi mamaikulomita 100, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita. Chifukwa chake n'chakuti fupa silimera pamene sipakufika magazi, ndipo bowo likachepa kwambiri mitsempha imalephera kulowa. Nditamvetsa zimenezi, ndinazindikira kuti kumwa magazi kwa timibulu tanga m'kambale muja sikunali kongosangalatsa maso, koma kunali chizindikiro cha timabowo timeneti.

Zimene zimachitika pambuyo pake zaonedwa mobwerezabwereza m'mafupa a akalulu, agalu, nkhosa ndi nkhumba. Magazi amaundana mozungulira timibulu, maselo oteteza thupi amafika kudzayeretsa pabalapo, mitsempha yatsopano imalowa, kenako maselo omanga fupa amakhala pamwamba pa kambulu kalikonse n'kuyala fupa lanthete molunjika, popanda kachikopa kaja pakati. Maselo ena akuluakulu, ofanana ndi amene amagumula fupa lakale m'thupi, amadya seramikiyo pang'onopang'ono. Choncho seramiki sisanduka fupa monga kapepala kaja kankanenera, koma imakhala ngati mitengo ya thandala imene dzungu kapena mphonda imayangapo, ndipo gawo lina la thandalalo limatha pamene lina limakhalabe m'kati mwa fupa kwa zaka. Kusiyana kumeneku kungaoneke kochepa, koma kwa wodwala kumatanthauza kuti asadzadabwe akamva kuti timibulu tikadalipo patapita miyezi yambiri.

Ofufuza osamala amadziwa kuti bala laling'ono la pafupa limadzitsekera lokha, kaya mwaikamo kanthu kaya ayi, ndiye chifukwa chake amaboola bowo lalikulu mokwanira kuti lisathe kupola palokha. Pa chigaza cha khoswe, bowo lotere kawirikawiri limakhala la mamilimita 8, ndipo pa cha kalulu limakhala la mamilimita 15. Chithunzi cha fupa lodzaza bwino sichinena kanthu ngati sitikudziwa kuti bowo loyerekezera, limene sanaikemo kanthu, linatha bwanji, ndipo kapepala kanga kanalibe chithunzi chachiwiricho.

Nkhani imene inandigwira mtima kwambiri ndi ya anyani, mwina chifukwa aliyense amene anafikako ku Cape Maclear amawadziwa bwino akuba chimanga amenewa. Ugo Ripamonti wa pa University of the Witwatersrand ku Johannesburg anatenga hydroxyapatite wopangidwa kuchokera ku miyala ya korali ya m'nyanja yamchere, n'kuiika osati m'fupa koma m'minofu ya anyani, kutali ndi fupa lililonse, ndipo mu 1991 analengeza kuti m'timabowo ta seramikiyo munamera fupa lenileni. Atayerekeza anyani, agalu ndi akalulu mu 1996, anapeza kuti fupa linamera lambiri mwa anyani koma lochepa kwambiri mwa nyama ziwiri zinazo. Seramiki inali imodzimodzi, malo oiika anali ofanana, koma nyama iliyonse inayankha mwa njira yake. Ngati galu ndi nyani akusiyana chotere, palibe amene angalumbire kuti nsagwada ya mphunzitsi wa zaka 52 idzachita ndendende zimene unachita mwendo wa kalulu.

Kalulu amakondedwa m'kafukufuku wotere chifukwa ndi wosavuta kusunga ndipo mafupa ake amapola mofulumira kuposa athu, koma ubwino womwewo ndiwo umasocheretsa. Nyama zoyeserazo zimakhala zazing'ono, zathanzi, zodya chakudya choyezedwa, ndipo sizisuta fodya kapena kudwala shuga, zinthu ziwiri zimene zimachedwetsa kwambiri kupola kwa fupa mwa anthu. Komanso fupa la mwendo limakhala lotsekedwa ndi minofu ndi khungu, pamene dzenje la dzino lili m'kamwa, momwe muli malovu, nsima ndi tizilombo tosawerengeka. Sindikunena kuti kafukufukuyu ndi wachabe, chifukwa popanda iye palibe dokotala akanalimba mtima kuika timibuluti mwa munthu, ndipo ndi mwa nyama momwe fupa lingadulidwe n'kuonedwa pa maikulosikopu pa sabata iliyonse imene ofufuza afuna. Chimene ndikukana ndi kutenga zotsatira za nyama imene sinatchulidwe n'kuzipereka kwa wodwala ngati lonjezo. Nditawauza adokotala zimenezi pa ulendo wotsatira, anaseka n'kunena kuti, "Aphunzitsi, kapepalako analemba ndi ogulitsa, ndipo ine ndikanakuuzani kuti timibuluti timathandiza kusunga fupa, osati kulibweza lonse." Yankho limenelo ndinalikonda, ngakhale ndikanakonda kulimva tsiku loyamba.

Tsopano ndinene pamene chipatalachi chinandikhumudwitsa. Pa tsiku lachinayi ndili kunyumba, ndinamva timiyala pa lilime, ndipo nditalavulira m'dzanja ndinaona timibulu titatu kapena tinayi toyera. Palibe amene anandichenjeza kuti zimenezi zimachitika, choncho ndinaganiza kuti ulusi wamasuka ndipo ndalama zanga zonse zikutuluka ndi malovu. Ndinaimba nambala ya pa khadi kuyambira Lachisanu masana mpaka Lolemba m'mawa popanda woyankha, ndipo uthenga wa pa WhatsApp unawerengedwa koma sunayankhidwe. Atandiyankha, anandiuza mopepuka kuti kutuluka kwa timibulu tochepa ta pamwamba n'kwachizolowezi malinga ngati palibe mafinya, fungo loipa, kutupa kowonjezereka kapena kutentha thupi. Mawu amenewa akanatha kulembedwa m'mizere iwiri pa pepala la malangizo, ndipo akanandipulumutsa ku masiku atatu a nkhawa.

Cholakwika chachiwiri chinali chokwera mtengo kwa ine. Pa ulendo wa mwezi wachitatu ndinanyamuka kusanache, nditapempha mnzanga kuti andigwirire makalasi, koma nditafika ndinauzidwa kuti makina ojambulira mano awonongeka kuyambira dzana lake. Makina amawonongeka kulikonse ndipo sindikuwaimba mlandu pa chimenecho, koma khadi langa limanena poyera kuti ndimakhala ku Mangochi, ndipo foni imodzi ikanakwanira. Zikuoneka kuti dongosolo lawo lonse linakonzedwa poganizira munthu wa mumzinda momwemo, amene angathe kubwerera kuntchito kwake n'kudzabweranso mawa. Kwa ife a kutali, ulendo uliwonse ndi tsiku lathunthu pamsewu, ndipo ine ndinayenda maulendo asanu, amene mtengo wake palibe anauwerengera pamene ankandiuza za ndalama zofunika.

Patapita miyezi 6 anandijambulanso, ndipo malo a dzenje aja ankaoneka oyera kuposa fupa loyandikana nalo. Adokotala sanafune kuti ndisangalale mopitirira, ndipo anafotokoza kuti seramiki payokha imaoneka yoyera pa chithunzi chotere, kotero kuti kuyerako sikutsimikiza kuti zonsezo ndi fupa lamoyo. Umboni weniweni unabwera pamene ankaboola kuti aike chikhomo cha dzino latsopano, chimene chimalowetsedwa m'fupa kuti chikhale ngati muzu wake, chifukwa anati pamalopo panali polimba ndipo pankatuluka magazi bwino, chimene ndi chizindikiro cha fupa lokhala ndi mitsempha. Anandionetsanso pa kansalu timibulu tingapo timene tinatuluka ndi choboolera, tikadali toyera, tina titamatirira ku tizidutswa ta fupa. Zimenezi zinagwirizana ndi zimene zimaoneka mwa nyama ndipo zinatsutsa kapepala kaja. M'lifupi mwa fupa munachepako pang'ono, koma lilime langa lomwe limatha kusiyanitsa malo amenewa ndi gweru lakale lija, ndipo panali malo okwanira chikhomo popanda opaleshoni ina yowonjezera fupa.

Pa chikhomocho panalinso chisankho chokhudza seramiki. Chodziwika kwambiri ndi cha chitsulo chotchedwa titanium, chimene mbiri yake imayambira kwa Per-Ingvar Brånemark wa ku Sweden, amene m'zaka za m'ma 1950 anaona kuti tizipangizo ta titanium timene anaika m'mafupa a akalulu tinagwirana ndi fupa, ndipo anaika zikhomo zotere mwa munthu koyamba mu 1965. Chinacho ndi cha zirconia, seramiki yoyera yolimba kwambiri, chimene adokotala anati akhoza kuchiitanitsa kunja pa mtengo wokwererapo. Kafukufuku wa pa agalu, akalulu, nkhumba ndi anyani waonetsa kuti fupa limakhudzana ndi zirconia mofanana ndi mmene limachitira ndi titanium, koma ngati pamwamba pake pali posalala kwambiri chikhomocho chimapotoleka mosavuta kuposa chokhakhala, ndiye opanga ake amachikhakhalitsa dala. Vuto la seramiki ndi lakuti sipindika koma imathyoka, ndipo zikhomo za mano za seramiki ina yotchedwa alumina zimene zinayesedwa ku Germany m'zaka za m'ma 1970 zinasiyidwa makamaka pa chifukwa chimenechi. Zirconia ndi yolimba kuposa alumina, koma nayo ili ndi chilema chake chofooka pang'onopang'ono pamalo achinyezi ngati sinaotchedwe bwino, monga zinaonekera cha mu 2001 pamene mitu ina ya mafupa a m'chiuno yopangidwa ndi zirconia inasweka mwa odwala. Popeza dzino langa ndi la kumbuyo, kumene palibe amaona koma kumene kumagwa mphamvu yonse yotafunira, ndinasankha titanium, ndipo adokotala sanandikakamize kugula chodulacho.

Ndalama zonse pamodzi, kuphatikizapo maulendo, zinapitirira malipiro anga a miyezi itatu, ndipo timibuluto tinatenga gawo laling'ono chabe la ndalamazo. Kwa munthu amene akudziwa kuti sadzaikitsa chikhomo, sindikuona chifukwa cholipirira timibulu, popeza dzenje lozulidwa bwino limapola lokha ndipo ambiri mwa ife takhala ndi magweru zaka zambiri tikudya bwinobwino. Kwa amene watsimikiza kuti adzaikitsa, ndikuona kuti n'koyenera, chifukwa kuwonjezera fupa litaphwa kale ndi ntchito yaikulu komanso yodula kuposa kulisunga pa tsiku lozula. Ntchito yotereyi ikadali ya anthu ochepa m'dziko muno, momwe maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anangoyamba mu 2019 ku College of Medicine, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, ndipo kwa ambiri a m'maboma thandizo la mano limathera pa kuzula.

Manja a adokotala, ukhondo wa m'chipinda chawo ndi kuona mtima kwawo akafunsidwa ndikuzipatsa ulemu wonse, koma ofesi yawo yolandira odwala ikufunika munthu woyankha foni ndi pepala la malangizo lonena zoona zonse, kuphatikizapo za timibulu totuluka. Amene akuchokera kutali aimbe foni madzulo a tsiku loti mawa anyamuka kuti atsimikize kuti makina akugwira ntchito, ndipo apemphe nambala ya munthu weniweni woti n'kumupeza Loweruka ndi Lamulungu. Chikhomo changa chatha miyezi iwiri chili pansi pa nkhama, sichipweteka ndipo sichigwedezeka, ndipo dzino lovekedwa pamwamba pa chikhomocho akuti adzaliika mu Disembala, sukulu ikatsekera. Pakadali pano ndikutafunirabe kumanja, chambo ndikuchichotsa minga ndi zala ndisanachiike m'kamwa, ndipo chimanga chokazinga chija ndangochisiyira ana.